Mboni ya pa Kabati ya Mankhwala

Belu lopumira litangolira, mphunzitsi wa masamu anasasa choko pamalaya, nawongola tayi, ulendo kuchipinda cha namwino. Ankayenda monyang'wa, akuimba mluzu. Ana ankamutcha Choko, ndipo mpaka mwezi wathawu dzinalo linkamukhala. Tsopano mkuluyu ankadzola mafuta onunkhira moti akadutsa pakhonde, ana ankayetsemula.

Lamulo la pasukulupo linali losakambirana. Mwana sasunga mankhwala m'chikwama. Kholo limawabweretsa ali m'paketi yake pamodzi ndi kalata yosaina, ndipo amatsekeredwa m'kabati. Pomwetsa pamafunika akuluakulu awiri, wina wopereka, wina mboni. Aphunzitsi analipo makumi awiri ndi atatu, koma kwa masabata asanu ndi limodzi namwino ankaitana Choko yekha. Munthu wa masamu sachita kuuzidwa kuti zotere sizichitika mwangozi.

Umboni unali wochuluka. Sabata yoyamba namwino anayamikira kalembedwe kake m'kaundula wa mankhwala. Yachiwiri anapempha nambala yake ya foni. Yachitatu anamugwira dzanja, dzanja lenileni, pomuonetsa kagwedezedwe ka kampope ka ana a mphumu, ndipo Choko anakhala osasamba dzanjalo mpaka nthawi yoweruka. Loweruka lina anamuitana kudzaphunzira kugoneka chammbali mwana amene wagwa khunyu, ndipo namwino yemweyo ndiye anagona pamphasa kukhala wodwala.

Tsiku limenelo ndi pamene namwino anamufunsa kuti, “Kodi kunyumba mumakhala ndi ndani?”

“Mphaka basi.”

“Ndiye zili bwino kwambiri.”

Mawu amenewo Choko anawanyamula ngati dzira. Anaimbira foni mlongo wake, yemwe anamuchenjeza kuti, “Achimwene, musathamange, mbeta silola tsiku limodzi.” Iye anangoseka. Masiku anali atakwana kale makumi anayi, anachita kuwerenga. Ngakhale mphunzitsi wamkulu anamugwira chanza dzana pakhonde, n'kunena kuti namwino wamufotokozera zonse ndipo iye wavomereza ndi mtima wonse. Choko anadabwa pang'ono kuti bwana zikumukhudza bwanji, koma anaona kuti mkazi wodziwitsa akuluakulu ndi woleredwa bwino.

Lero linali Lachisanu. Dzulo namwino anamuuza kuti akamaliza kumwetsa atsale, ali naye mawu. Choko anatsimikiza mtima kuti salola mkazi kumutsogolera pa nkhani yotere. M'thumba la jekete munali mphete yokulunga m'kampango, ndipo anali atayeserera kugwada katatu pamaso pa mphaka.

Anapeza namwino atatsegula kale kabati. Kiyi wake ankakhala pa kaunyolo ka m'khosi, ndipo kaunyoloko nthawi zonse kankabisala m'kati mwa yunifomu. Zala zake zinali zopanda kanthu, monga mwa masiku onse. Choko anaziyang'ananso kuti atsimikize.

“Lero mupange nokha zonse,” anatero namwino, akukhala pampando n'kupinda manja. “Ine ndingoonerera.”

Mayeso omaliza! Choko anasamba m'manja mpaka m'zigongono. Pamzere panali ana anayi. Woyamba anali kamtsikana ka matenda akugwa, katswiri wobisa piritsi kunsi kwa lilime. Choko anakafunsa dzina, ngakhale ankakaphunzitsa tsiku ndi tsiku. Anawerenga mokweza zolembedwa papaketi, nafananiza ndi kalata ya makolo, nayang'ana tsiku lothera mphamvu. Piritsi limodzi, madzi theka la kapu.

“Yasamula. Kweza lilime.”

Piritsi linali pompo, phee. Kamtsikanako kanaseka, kanameza, kanayasamulanso.

“Aphunzitsi, bwanji manja anu akunjenjemera? Nanunso akumwetseni?”

“Pita ukasewere, iwe.”

Atatu enawo anadutsa ngati madzi. Choko analemba nthawi, dzina ndi mlingo m'kaundula, zilembo zoimirira ngati asilikali, kenako anabwezera paketi iliyonse pashelefu yake. Botolo la mwana wa shuga analiika mufiriji osachita kukumbutsidwa. Namwino anawomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali mbee ndi chimwemwe, ndipo Choko anaona kuti pa dziko lonse palibe mwamuna wodala kuposa iye.

Namwino anatseka chitseko.

“Aphunzitsi, ndakhala ndikukuonani nthawi yaitali,” anayamba motero. “Ndinayang'ana aliyense pasukulu pano. Ena amachedwa, ena amalemba ngati nkhuku yapalasa, ena belu likangolira amathamangira mabanja awo. Inu nokha ndi amene mtima wanga wakhazikika nanu.”

Dzanja la Choko linali kale m'thumba, bondo lakumanja litayamba ulendo wopita pansi. Namwino anapisa dzanja m'khosi, nasolola kaunyolo kaja konse kwa nthawi yoyamba. Pambali pa kiyi pankalendewera mphete yagolide, yosungidwa pamenepo kuopa sopo wa pantchito.

“Kiyi uyu ndi wanu kuyambira Lolemba,” anatero akumutsekera m'dzanja lomwe lija. “Amuna anga awasamutsira kutali, tikunyamuka mawa. Ana anga odwalawa ndawasiya m'manja abwino.”