Mkulu Wofunsa za Ziwanda

"Nanga pamwamba pa Akapitawo a Phulusa pali ndani?" anafunsanso mkuluyo.

Frazer anafumbata dayisi osaiponya. Anayang'ana Lenia, Lenia anayang'ana Maganizo, Maganizo anaweramira pansi ngati wataya singano.

Ankakumana Lamulungu lililonse masana pakhonde la kaloji kena ku Ngala. Masewerowo Frazer anabwera nawo kuchokera ku koleji. Munthu mmodzi amasimba nkhani, enawo aliyense amakhala ndi ngwazi yake m'nkhanimo, ndipo dayisi ndi imene imagamula ngati mkondo walasa kapena waphonya. Mapu anali ojambula pakatoni. Ngwazi zinali zitsekerero za mabotolo.

Ziwandazo Frazer anachita kuzipeka yekha, n'kuzisanja monga momwe anthu amasanjidwira ku esiteti ya nzimbe kumene ankagwira ntchito yaukalaliki. Pansi penipeni panali Anong'onong'o, ongonyenga anthu m'makutu. Pamwamba pawo Akapitawo a Phulusa, kenako Nduna Zopanda Nkhope, ndipo pampando pankakhala Mwinidzenje. Anzakewo ankafa nazo kuseka. Koma mlendoyu sankaseka.

Anangotulukira tsiku lina atavala mkanjo woyera ndi kofia. Anati dzina lawo ndi a Fakiri, kwawo ndi ku Liwaladzi, ndipo amva kuti pano pamachitika masewero. Atapatsidwa mpando anakhala. Atauzidwa kuti asankhe ngwazi yawo anakana, ati ayambe aonerera. Chiyambire tsiku limenelo sanajombepo.

Frazer sizinkamulowa m'mutu. Munthu waimvi zake kukwera minibasi kuchoka ku Liwaladzi, kudutsa pa Dwangwa mpaka ku Ngala, chifukwa cha zitsekerero za mabotolo? Ndiye mafunso akewo! Makiyi a dzenje amasunga ndani? Nduna zimamvera Mwinidzenje chifukwa cha mantha kapena lumbiro? Munthu amene zamugwira zimamusunga pati? Yankho lililonse ankalibwereza chamumtima milomo ikugwedera, ngati munthu amene akukapereka lipoti kwinakwake.

Kokapereka lipotilo kunalipo. Chimwalirireni Nasiru, mnzawo wachinayi, pangozi ya njinga yamoto, mphekesera zinali ponseponse pamsika wa Dwangwa. Ati achinyamata a ku Ngala amatchula mayina a ziwanda dzuwa likuswa mtengo. Ati mnzawoyo anachita kumupereka nsembe. Maliro anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa chisilamu, iwo anamva mawa lake, ndipo mphekeserazo zitawapeza anaopa ngakhale kukapepesa, moti abale ake sankawadziwa nkhope. Frazer ankadziwa mathero a nkhani zotere: miyala padenga, mwininyumba kukuuza usamuke, kuntchito anthu kukulambalala. Iye kwawo kunali ku Mulanje. Kunoko analibe mbale womuimira pakati.

Mwini loji nayenso anali atamukokera pambali. "Akulu akumzikiti akangobwera kuno, ine sindikukudziwani," anatero.

Tsono akuluwo si awa atumiza kazitape wawo?

"Pali Nduna Zopanda Nkhope," Frazer anayankha mosafuna. "Tinanena kale sabata yatha."

"Eya, munanenadi," anatero a Fakiri. "Nanga Nduna ingathe kumasula wandende popanda Mwinidzenje kudziwa?"

"Ingathe, ngati mwaipatsa chinthu chimene ikuchisirira."

"Monga chiyani?"

"Nkhope. Izo zilibe nkhope."

Mawuwo atangotuluka, Frazer anadziluma lilime. Anaona kale momwe akamvekere pamsika: mnyamata uja wavomera yekha kuti amapereka nkhope za anthu. Lenia anayamba kulongedza mapensulo m'chikwama mwakachetechete. Kumadzi kunkamveka asodzi akukalipirana pokoka ngalawa, ndipo Frazer anaganiza kuti mwina ena mwa iwo akungodikira chizindikiro.

A Fakiri anapisa dzanja m'thumba la mkanjo. Maganizo anadzuka, mpando n'kugwa chagada. Mkuluyo anatulutsa kansalu, napukuta magalasi ake modekha.

Apa Frazer mtima unamukwera. Anaika dayisi patebulo mwamphamvu.

"Bambo, pepani, koma tiuzeni zoona. Wakutumani ndani? Ngati ndi akumzikiti, kawauzeni kuti izi n'zopeka. Ziwandazi ndinazipanga ndekha ndi bolopeni, ndili pa ofesi. Kulibe Mwinidzenje, kulibe dzenje. Katoni iyi munali sopo. Ife sitinaphe munthu. Nasiru anali mnzathu, timamulira mpaka lero."



A Fakiri anavala magalasi aja, nayang'ana mapu kwa nthawi. Kenako anatambasula chala n'kuloza pakona pamene panali bwalo lakuda lodetsedwa ndi makala.

"Dzenje lija ndi ili?"

"Ndi limenelo."

"Ndipo Kalilu akadali momwemo?"

Kalilu inali ngwazi ya Nasiru, mlenje wa uta, amene Akapitawo a Phulusa anamugwira pamasewero omaliza mwini wake ali moyo. Kuchokera pamenepo gulu linangotembenukira kunkhani ina, ndipo dzinalo panalibe amene analitchulanso, ngakhale pamaso pa mlendoyu.

"Dzina limenelo mwalimva kuti?" anafunsa Frazer.

"Kwa mwana wanga," anatero a Fakiri. "Nasiru anafika kunyumba akuseka, ati bambo, Kalilu wanga wagwidwa, Lamulungu ndikukamutulutsa. Lachitatu lake tinamuika m'manda. Ndikudziwa kuti ndi masewero, ana anga, koma munthu wake mwamusiya m'dzenje nthawi yaitali. Njira ndaidziwa tsopano. Ndipatseni dayisiyo."