Anapeza vuto la kompyuta, nyimbo za apongozi zinapita

Izi akuti zinachitikadi. Panali munthu wina wojambula nyimbo, situdiyo yake kachipinda ka kuseri kwa nyumba, makoma omata makatoni a mazira. Anzake ankamutchula Kafufuze, chifukwa chinthu chikavuta sankadya mpaka adziwe chavutitsa.

Apongozi ake aamuna anali oyimba kuyambira unyamata, koma nyimbo zawo sanazijambulepo. Ndiye madokotala anawapeza ndi chotupa pakhosi, n'kuwauza kuti akawachita opaleshoni mawu mwina sadzabwereranso ngati kale. Mkulu uja anapita kwa Kafufuze.

"Apongozi, ndijambuleni ndisanapite. Adzukuluwa adzamveko kuti agogo awo sankangotsokomola."

Anajambula sabata yonse, nyimbo zonse m'fayilo imodzi m'kompyuta yake, ndipo mkulu uja anapita kuchipatala.

Tsiku lina masana Kafufuze akukonza nyimbozo, masipika anangoti trrrrrr, liwu limodzi kumangodzibwereza ngati makina osokera. Mausi inkayenda, koma akadina palibe chotseguka. Kagetsi kosonyeza kuti disiki ikugwira ntchito kanangoyaka osaphethira. Kompyuta yauma gwa. Anadina batani lozimitsira mpaka inathima, kuyatsanso, zonse bwinobwino. Mawa lake chimodzimodzi.

M'malo mochita mantha, iye zinamusangalatsa. Mausi ikuyenda bwanji pamene zina zonse zaima? Anaimbira achemwali ake, omwe ntchito yawo ndi yokonza makompyuta pakampani ina.

"Mwasintha chiyani posachedwapa?" anafunsa achemwaliwo.

"Palibe. Kungoti kasitomala wina anandiikira pulogalamu yosintha madalaiva onse kamodzi. Akuti imathamangitsa kompyuta."

"Kasitomala wake uti?"

"Wina wake wamagalasi. Dzina sindinafunse."

"Achimwene, inu mumakana kubwereketsa chipeso, koma kompyuta mwapatsa munthu wosamudziwa? Mverani. Musanayese chilichonse, koperani nyimbo za apongozi anuzo pa fulashi. Lero. Ndipo ikauma, dikirani kaye, nthawi zina imatsitsimuka yokha. Ndibwera Loweruka."

"Ndamva, achemwali."

Fulashi yake inali yodzaza, ndipo yatsopano anati agula mawa. Koma funso lija silinamusiye. Dalaiva, kwa amene sadziwa, ndi kapulogalamu kothandiza kompyuta kumvana ndi chipangizo chilichonse chili m'kati mwake. Madalaivawo ndi ambiri. Wolakwa ndi uti?

Anayamba kuyesa. Anazindikira kuti timafayilo ting'onoting'ono sitiumitsa kompyuta, imauma ikamasunga chinthu chachikulu. Ndipo chachikulu kuposa zonse chinali nyimbo za apongozi zija. Basi zinasanduka choyesera chake. Amasintha waya wa disiki, kutsegula nyimbozo, kudina kusunga, trrrrrr, kuzimitsa pabatani. Kubweza dalaiva wa masipika, kutsegula, kusunga, trrrrrr, kuzimitsa. Kudikira kuja ankaona ngati kutaya nthawi.

Mkazi wake anasuzumira pakhomo. "Bambo a mwana, nyimbo za adadi zili bwino?"

"Zili bwino, mayi. Ndatsala pang'ono kumugwira."

"Kumugwira ndani?"

"Mudzaona."

Lachisanu anamugwiradi. Anali dalaiva woyendetsa disiki, amene amanyamula zonse zolowa ndi zotuluka mmenemo. Watsopano uja sankamvana ndi disiki yake, ndiye kompyuta inkangodikira yankho losabwera, n'chifukwa chake mausi inkayenda koma chofuna disiki chilichonse chinkaima. Anabwezeretsa dalaiva wakale, kompyuta inayamba kuuluka. Anakuwa mpaka mwana anadzuka.

Kenako anatsegula nyimbo za apongozi kuti asangalale bwino. Kompyuta inakana. Anayesanso, inakana. Kuzimitsa konse kuja kunkachitika kompyuta ili pakati posunga, ndipo ulendo womaliza inasiya fayilo yoduka. Loweruka achemwali ake analimbana nazo tsiku lonse, n'kupulumutsa kachidutswa kamodzi kokha, pomwe mkulu uja akukonza kukhosi n'kufunsa kuti, "Tayamba?"

Achemwaliwo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Fulashi ija?" Kafufuze anayang'ana pansi.

Patapita milungu apongozi anatuluka m'chipatala, pakhosi pali bandeji, mawu akungotuluka monong'ona. Asanafike n'kwawo komwe anapempha kuti adutsire ku situdiyo. Anakhala pampando womwe ankayimbira, adzukulu atawazungulira.

"Tiyikireni, apongozi."

Kafufuze anagwada. Anafotokoza zonse, za kasitomala wamagalasi, za kagetsi, za dalaiva wa disiki, za mmene anamupezera. Ankalankhula mofulumira, thukuta kamukamu. Mkulu uja anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula. Kenako anamukodola kuti ayandikire, poti mawu sankafika patali.

"Ndiye kompyutayo yachira?"

"Yachira, bambo."

"Chabwino. Bola mmodzi wa ife wachira."

Phunziro: Kufuna kudziwa si kulakwa, koma musanayambe kufufuza chomwe chikuumitsa kompyuta, koperani kaye zinthu zofunika kwina, ndipo musayesere pa chinthu chimene mulibe china. Ikauma musathamangire batani, komanso musalole munthu wosamudziwa kukusinthirani madalaiva. Tumizirani abale ndi anzanu onse amene akusunga zinthu za anthu ena m'kompyuta.