Mapiritsi Amene Anamuiwalitsa Mwana

Panali mayi wina ku Kadoma, dzina lake Rabeka, amene nkhawa inkamusowetsa tulo. Famu imene ankagwirako ku Chegutu italandidwa, njala inamuwondetsa. Kumjigo amayi anayamba kunong'onezana kuti ali ndi matenda aja, n'kusiya kugula tomato wake.

Pokwerera makombi, maminibasi akumeneko, anakumana ndi bambo wina wogulitsa timapiritsi toyera m'kapepala.

"Mwezi usanathe mudzanenepa, amayi."

Mlamu wake Felista anamuletsa. "Alamu, mankhwala opanda dzina samwa." Rabeka sanamve, anagula n'kuyamba kumwa.

Nkhope inadzazadi. Omujeda aja anayamba kumuyamikira m'Chishona, "Wasimba!" ndiye kuti thupi labwerera. Koma mtima unkangothamanga, kupsa mtima pazachabe, kuiwala. Ankaiwala kuti wamwa kale, n'kumwanso.

Tsiku lina kunamveka kuti shuga wapezeka ku Chegutu. Atafika anatsitsa mwana wake Fanizo pakhonde la sitolo, iye n'kulowa pamzere. Ataupeza shugayo anathamangira kombi.

Kunyumba Felista anafunsa, "Fanizo mwamusiyira ndani?"

Rabeka anagwira kumsana. Nsalu yokha.

Anabwerera akulira njira yonse. Anakampeza m'manja mwa mayi wogulitsa nthochi, mwanayo mawu atatha ndi kulira.

Ndi mantha, Rabeka anataya mapiritsi onse m'chimbudzi. Posakhalitsa anayamba kusanza, n'kukomoka. Felista anathamangira naye kuchipatala n'kufotokoza zonse.

Atatsitsimuka, sisita anamuuza kuti, "Amenewo ndi mankhwala a mahomoni. Amafanana ndi amene thupi limapanga lokha polimbana ndi mavuto. Ukamwa nthawi yaitali amasokoneza mutu, thupi nalo limachita ulesi kupanga ake. Inu mwasiya kamodzin'kamodzi, thupi latsala manja lende. Mukanachedwa, bwenzi tikunena zina."

Anamupatsa mankhwala omwewo oti azichepetsa pang'onopang'ono mpaka kusiya.

Atatuluka, m'mawa mwake anabereka Fanizo, kumanga nsalu mfundo ziwiri, n'kupita kumjigo. Mayi wina anakuwa, "Wasimba!"

Rabeka anatula ndowa. "Sindinasimbe, ndatupa. Amene mukumwa timapiritsi tija, bwerani ndikuuzeni kumene ndinamusiya mwana uyu."

Phunziro: Musamwe mankhwala a pamsewu pofuna kutseka pakamwa pa anthu, pakamwa sipatsekeka. Ngati munayamba kale, musasiye nokha, pitani kuchipatala lero. Tumizirani amayi anzanu, mwina wina ali nato pansi pa pilo.