Kalata Imene Tione Sanaiwerenge

Panali mtsikana wina wa kufupi ndi Domasi Mission, dzina lake Tione, amene ankafuna udokotala ndi mtima wonse. Mayeso anakhoza bwino. Chinatsala ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene ankafunira udokotalawo, yomwe yunivesite ina inkafuna isanamuitane ku intavyu.

Aphunzitsi ake akale, a Silas, anamuchenjeza kuti: "Ulembe wekha, ngakhale Chingerezi chikhale chotsimphina. Ukatha uziiwerenga mokweza, chifukwa mafunso awo adzachokera momwemo."

Tione anavomera pakamwa pokha. Anapita ku Songani kwa bambo wina wotaipa makalata, a Morton, munthu amene sankamudziwa n'komwe.

"Iwe usavutike," anatero a Morton. "Ine ndikalemba, madokotala amawerenga misozi ili m'maso."

A Morton atailemba kalatayo, Tione anawerenga mizere iwiri yoyamba, anaona Chingerezi chonona, basi n'kutumiza. Masabata otsatira anangokhalira kuloweza mayina a mafupa. Kalata ija sanaitsegulenso.

Tsiku la intavyu, mayi ake, a Dyna, anasiya kupalira chimanga n'kumuperekeza ku Blantyre. Anakhala pabenchi panja, akupemphera chamumtima.

M'katimo, dokotala wina wachizimayi, waimvi, anaika kalata ija patebulo n'kulankhula motsitsa mawu.

"Pepa mwana wanga. Walemba kuti mayi ako anamwalirira m'manja mwako pobereka, galimoto itachedwa. Zinachitika liti?"

Mpata woti Tione anene zoona unalipo, koma mantha ndi oipa, abale.

"Chaka chatha," anayankha. Anagwetsa ndi msozi womwe.

Atamaliza, dokotala uja anatuluka naye limodzi, chisoni chitamugwira. Anali munthu woleredwa bwino, wosadutsa anamfedwa osawapepesa. Anawerama pafupi ndi mayi anali pabenchi aja n'kuwagwira dzanja.

"Pepani ndi zovuta zija, mayi. Malemuwo anali achemwali anu?"

"Malemu ake ati?"

"Mayi ake a Tioneyu."

A Dyna anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Tione anangoti zyoli.

"Mayi ake ndine," anatero a Dyna.

Dokotala uja anasiya dzanja lija pang'onopang'ono, analowa, n'kutseka chitseko. Malo a ku yunivesite aja Tione sanawapeze.

Ulendo wonse wobwerera a Dyna sanakalipe, sanalire. Minibasi itadutsa pa Naisi m'pamene anatsegula pakamwa.

"Poti maliro anga walengeza kale, mwana wanga, ungondiuza tsiku lake, ndichapiretu nsalu."

Phunziro: Nkhani ya moyo wako usalembetse kwa munthu wosakudziwa, ndipo usatumize kalata imene sunaiwerenge mpaka kumapeto. Wokulemberayo sadzakhalapo tsiku lofunsidwa mafunso. Musaisunge m'foni nkhaniyi, itumizeni kwa makolo ndi ana onse amene akukonzekera intavyu chaka chino.