Khadi Yapansi

"Mlamu, ndikuona mizere iwiri pasikirini," anatero Anti Taipi, mlembi wa pasukulu, thukuta lili kamukamu m'kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa netiweki ya sukulu. Mayina a ana olemba mayeso amayenera kutumizidwa isanakwane 12 koloko, koma netiweki imangokwawa ngati nkhono. Wamakompyuta wa pasukulupo, yemwe ndi mlamu wawonso, anali pamzere kuchipatala tsaya litatupa ndi dzino, ndiye amangowalangiza pafoni.

"Amenewo ndi makhadi a netiweki a sevayo. Werengani zomwe zalembedwa kumanja."

"Yapamwamba akuti 'down', yapansi akuti 'up' ndi timanambala tamadontho. Mlamu, kompyuta yanuyi yamwa?"

"Musandiseketse alamu, dzino likuwawa. Ya 'down' ndi yomwe yafa. Muyizimitse, kenako muyiyatsenso."

Anti anagwedeza mutu. Chizungu anakhoza bwino kusukulu, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti down ndi pansi. Basi anadina khadi yapansi kkkk, yamoyo ija inu.

"Ndazimitsa. Nanga poyatsira ndi pati? Halo? Mlamu?"

Zii. Kani amayankhulana kudzera pa wayifayi ya seva yomweyo. Anti anayimbanso katatu, foni ili m'mwamba ngati akudalitsa denga, koma ayi ndithu.

Ahedi anasuzumira pakhomo. "Zatheka mayi? Kwatsala mphindi zisanu."

Anti anayang'ana sikirini, mizere yonse iwiri ikuti 'down'.

"Pang'ono bwana," anayankha ndi timawu ta pansipansi. "Komabe panopa zagwirizana."