Ndalama Yosagwiridwa ndi Manja

Stamatis anagwira mpeni wodulira keke ya Chaka Chatsopano, koma maso ake anali pa jekete ya mkamwini wake.

Jeketeyo inali yachikopa, yatsopano, ikununkhira kusitolo. Dalaivala wa basi kuno ku Trikala sagula jekete yotere ndi malipiro ake, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Ndipo m'mawa womwewo, Stamatis atatsegula kabati yake ya galasi kuti adzutse ndalama zake monga mwa masiku onse, anapeza kabokosi kamodzi kali kukamwa yasa. Ndalama ya golide ya chithunzi cha ngalawa munalibe.

Sizinali ndalama zogulira buledi ayi. Zinali zija amazitsatsa pa TV masana, nthawi imene opuma pantchito ali okha m'nyumba, foni ili pafupi. Chisiyireni ntchito ya ku positi, Stamatis anali atagula zambirimbiri: zasiliva za nkhope za oyera mtima, zina zopakidwa utoto, iliyonse ndi chikalata chake chodindidwa. Koma ya ngalawayo ndiyo inali yapamtima. Ankaigwira atavala magolovesi oyera, osapuma n'komwe, poti wogulitsa anamuuza kuti chala chimodzi chokha chimagwetsa mtengo wake. Mkazi wake Fotini, chikwatiwireni, anali asanagwiridwepo mwaulemu chotero.

Wakuba ankamudziwa. Lefteris, mwamuna wa mwana wake Argiro, ndiye ankakonda kuima pa kabatipo n'kumamwetulira.

"Bambo, tsiku lomwe mudzagulitse zimenezi adzangoziika pa sikelo," ankatero. "Za ngalawa ndi kabokosi sadzafunsa."

Kwa Stamatis, munthu wonyoza katundu wako ndiye amene akumusirira. Komanso dzulo lake Lefteris analowa yekha m'chipinda cha kabatiyo, ati kukatenga mipando.

Chomwe chinkamuletsa kulankhula chinali chimodzi. Argiro anali woyembekezera, ndipo anali atalonjeza kuti mwanayo akakhala wamwamuna adzatchedwa Stamatis. Mtsikana ameneyu anatengera mtima wa bambo ake. Ukamunyozera mwamuna, pakhomo pano sadzapondanso. Koma ngalawa nayo inkamuwawa ngati dzino.

"Dulani kekeyo, bambo inu," anatero Fotini. "Mukudikira wansembe?"

Stamatis anajambula mtanda pamwamba pa keke ndi nsonga ya mpeni. Chidutswa choyamba cha Khristu, chachiwiri cha Mariya, chachitatu cha nyumba. Chachinayi ndi cha mwini khomo, ndipo Fotini anamutembenuzira mbale. Mbali imene inafika pa mpeni inali yopserera m'mphepete.

Anachidula, anachiyang'ana, n'kuchikankhira kutsidya la tebulo.

"Chopsererachi adye wa jekete."

"Ayi, chimenecho n'chanu!" anatero Fotini msangamsanga.

"Wodula keke m'nyumba muno ndani?"

Lefteris analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuyamba kudya. Chilichonse cha apongozi ake aakazi ankadya osasankha, ndipo ngakhale zimenezo zinkamunyansa Stamatis.

"Jekete yabwino, mkamwini."

"Zikomo, bambo. Anandigulira Argiro."

"Oo? Ndalama zake anazitola pamsewu?"

Argiro anaika foloko pansi. "Ababa, ngati muli ndi nkhani, ineneni. Musazungulire ngati basi ya mwamuna wangayu."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanamwa madzi. Stamatis anaimirira, mpeni uli m'manja.

"Ngalawa yanga yasowa. Ndalama imene ndinkasungira mdzukulu wanga! Ndipo ndikunena pamaso pa nonse, khofi asanafike patebulo pano, ituluka kwa munthu uyu."

Argiro anayamba kufunafuna chikwama chake, misozi ili m'maso. Fotini anayang'ana kudenga ngati akuitana oyera mtima onse a m'kabati muja kuti amuthandize.

Lefteris anasiya kutafuna. Nkhope inafiira, dzanja linapita patsaya. Stamatis anamva kukoma: wolakwa safuna mboni, nkhope yake imamugulitsa.

"Lankhula, mkamwini. Ili kuti?"

Lefteris anawerama, analavulira m'dzanja lake, n'kutambasula. Pakati pa nyenyeswa za keke panali ngalawa, ili noninoni ndi batala.

"Chaka ndi chaka ndimaika ndalama m'keke, woipeza n'kukhala yake pamodzi ndi mwayi wa chaka chonse," anatero Fotini. "Chaka chino ndinati ndiike yanuyo, ikugwereni inu, igwireko ntchito kamodzi. Ndinaibisa popsererapo. Mwaipereka nokha, tonse tikuona."

Lefteris anaipukuta pa jekete, n'kuiyang'anitsitsa pawindo.

"Koma ndinkakunyozerani chabe, bambo, uyu ndi golide weniweni," anatero. "Taonani mmene dzino langa lalowera."