Mpata wa Mano

"Mayi aja awabwezanso mano," anatero dokotala wa mano pafoni. "Akuti pakamwa pawo sipanali chonchi."

Mmisiri wopanga mano oikirira anausa moyo. Aka kanali kachinayi. Mano oyesera a mayi wachikulire ameneyu anali atawandanditsa mowongoka bwino paphula lolimba, n'kubisamo kawaya kuti asathyoke. Nanga ankafunanso chiyani?

Anayambiranso, msana ukuwawa, maso ali psuu. Atamaliza anawasiya pawindo n'kukatsamira khoma, tulo n'kumuba. Podzidzimuka anapeza dzuwa litafewetsa phula, dzino lakutsogolo litapendekeka n'kusiya mpata. Panja, mthenga wapanjinga yamoto anali akuliza kale hutala.

"Zikavute komweko, ine ndatopa," anatero akuwakulunga.

Masana foni inaliranso.

"Bambo, mwachita chiyani?"

"Pepani adokotala, abwezeni ndikonze."

"Musayerekeze! Mayi akulira pagalasi pano. Akuti malemu amuna awo anawakondera mpata umenewu."

Mmisiri anayang'ana manja ake, omwe anali atawongola mano zaka makumi awiri.

"Akutinso," anapitiriza dokotala, "mmisiri watsopanoyu tisamutaye. Wakale uja ankangowatayitsa nthawi."